Za Nkhondo ya Kubweza Ufumu ku Nkhamanga

Munthu akayenda lero pa mseu wochokera ku Rumphi kunka ku Bolero, aona chigwa chachikuru cha Nkhamanga chiri phee, minda ya chimanga ndi ya fodya mbali zonse, ndi mapiri a Nyika ataima kumpoto. Chaka ndi chaka anthu asonkhana ku Bolero pa mwambo wa Gonapamuhanya kudzalemekeza mfumu yao Chikulamayembe. Ndipo mwana woona zimenezi ayesa kuti mpando umenewo sunagwedezeke chiyambire. Koma sikutero ai. Mpandowo unagwa, nukhala wopanda mwini zaka zoposa 25; ndipo analipo amuna amene anayesa kuuimiritsa ndi mikondo, nalephera, nafa ambiri a iwo. Nkhani yao ndiyo tifuna kulongosola pano, kuti mudziwe chimene anachimenyera, ndi akazembe amene anawatsogolera, ndi chifukwa chache mkondo sunathe kubweza chimene mkondo unachichotsa.

Nkhondo ziri za mitundu mitundu. Iripo ya kulanda dziko, iripo ya kulanda ng'ombe. Koma iripo yina imene ibuka pamene makhalidwe atsopano agwetsa akale, ndipo anthu ena auka nati, Tibweze mfumu yathu, ndi zonse zimene zinapita nayo. Nkhondo yotere iwawa koposa zinzache, pakuti omenyanawo sachokera kutali; adziwana maina, anakulira m'bwalo limodzi, ndipo kawiri kawiri ali pachibale.

UFUMU UMENE UNAGWA

Kumapeto kwa zaka za 1700 anafika m'dziko lino amalonda ochokera kum'mawa, tsidya lija la nyanja. Popeza anachita kuoloka, Atumbuka anawatcha Balowoka, ndi mtsogoleri wao anamutcha Mlowoka. Pakuti kulowoka m'Chitumbuka ndiko kuoloka. Anakocheza kufupi ndi Chilumba, nakwera kumtunda, napeza dziko lodzala ndi njobvu, ndi anthu amene sanayambe kugulitsa minyanga kutali. Mlowoka sanadza ndi nkhondo. Anadza ndi nsaru, ndi mikanda, ndi makasu. Anakwatira m'mafuko a eni dziko, napatsa akuru a midzi nsaru za kumutu zikhale chizindikiro cha ubwenzi. Wolowa m'malo mwache, Gonapamuhanya, ndiye ayesedwa woyamba wa mafumu otchedwa Chikulamayembe, a pfuko la Gondwe. Ndipo dzinalo likumbutsa makasu aja, pakuti khasu m'Chitumbuka ndi jembe, ndipo akachuruka ndi mayembe. Mnzache wina wa Mlowoka anakhala ku Hewe, ndiko kunachokera ufumu wa Katumbi.

Pano tichenjere, tingakuze nkhani koposa muyeso wache. Olemba ena oyamba ananena kuti ufumu umenewu unayambira ku mtsinje wa Songwe kufikira ku Dwangwa. Koma ofufuza a m'mbuyo mwao, monga Leroy Vail, anaonetsa kuti mphamvu yache yeniyeni inali m'Nkhamanga ndi m'madera oyandikana nayo, ndi kuti inatsamira pa malonda a minyanga ndi pa maukwati, si pa asilikari ai. Anthu anakhala m'midzi yaing'ono yomwazikana, mudzi uli wonse ndi mkuru wache. Anasula makasu, nasaka njobvu, napereka nsembe za mvula kwa Chikang'ombe pa phiri la Njakwa, pamene mtsinje wa Rukuru upyoza mapiri kulowa m'chigwa cha Henga. Unali ufumu wa mphatso ndi wa milandu; ndipo ufumu wotere ukhoza kukhala zaka zambiri, malinga ngati safika munthu wa chikopa ndi nthungo.

DZIKO LISANDULIKA

Munthu wotereyo anafika. Zwangendaba Jere anachoka kumwera ndi anthu ache m'masiku a nkhondo za Shaka, naoloka Zambezi m'mwezi wa November 1835, tsiku limene dzuwa linada usana. Ndipo atayenda zaka zambiri anamwalira ku Ufipa, m'dziko limene lero ndi Tanzania. Ana ache anagawikana. Mpezeni anatsiriza ulendo wache kudera la Chipata. Koma M'mbelwa anatsikira m'chigwa cha Henga pafupi ndi chaka cha 1855, nalongedwa ufumu pa Ng'onga, m'dziko lomwe lino la Rumphi. Pambuyo pache Angoni anasunthira kumwera, namanga midzi yao m'chigwa cha Kasitu.

Tsono Angoni sanangolanda ng'ombe ndi kupita. Anakhala, nasanduliza makhalidwe onse a dziko. Midzi yaing'ono inapasuka, ndipo anthu anatengedwa kukakhala m'midzi yaikuru yozinga khola, pansi pa nduna. Ogwidwa anabooledwa makutu, kuti aliyense adziwe mwini wao. Anyamata analowa m'magulu a nkhondo monga mwa misinkhu yao, naphunzira kugwira chikopa chachikuru cha ng'ombe ndi nthungo yaifupi yobaya nayo pafupi. Malowolo a ng'ombe anafala. Ufumu wa Chikulamayembe unaphwanyika, ndi a banja lachifumu anabalalika. Ndipo amene anakana kugwidwa anathawira m'mapiri a Nyika ndi m'matanthwe a Aphoka, namanga tinyumba pa malo otsetsereka, pamene ng'ombe siingathe kuima.

Koma taonani chinthu chimene chiri mutu wa nkhani yonse. M'makhalidwe a Angoni kapolo wolimba mtima anakhoza kukwera. Mnyamata wogwidwa, akachita bwino pa nkhondo, analandira ng'ombe, nakwatira, nakhala ndi anthu ache, kufikira kukhala nduna. Chotero patapita zaka 20 panali mbadwo wa Atumbuka, Ahenga, Akamanga ndi Atonga umene unakulira m'midzi ya Angoni, wodziwa nkhondo ya Angoni monga eni ache. Ena a iwo anakondwa ndi malo ao atsopano, nakhala okhulupirika kwa M'mbelwa. Ena anakumbukira kwao. Pamene nkhondo inabuka, awa ndi awa anaima moyang'anana, makutu ao onse ali obooka, ndi zikopa zao za mtundu umodzi.

KUUKA KUTATU

Oyamba kuuka anali Atonga. Pafupi ndi chaka cha 1875 anathawa m'midzi ya ambuye ao, natsikira kunyanja, namanga malinga, ndipo linga lomveka koposa linali la Mankhambira ku Chintheche. Angoni anawalondola, koma pa mtsinje wa Chintheche anagonjetsedwa, nafa ambiri. Pakuti chikopa ndi nthungo zipambana poyera, koma pa linga ndi m'nkhalango za kunyanja mphamvu yache ichepa. Mbiri imeneyi inamveka m'dziko lonse, kuti Angoni angathe kuthawa.

Achiwiri anali Ahenga ndi Akamanga, pafupi ndi chaka cha 1879. Ndipo nkhondo yao ndiyo ya kubweza ufumu. Atsogoleri ao anali atatu: Kanyoli, Kambondoma ndi Mwendera. Onsewo anali ophunzira nkhondo kwa Angoni, kotero kuti gulu lao linatchedwa Majere-Henga, ndiko kunena Ahenga oleredwa ndi a Jere. Anachoka ndi anthu ao, nalunjika kumpoto, ku dziko la makolo ao. Akuru a ku Nkhamanga asimba kuti oukawo sanafune ufulu wokha, koma anafuna mpando wakale ukhalenso ndi mwini. Ndipo mwini wacheyo anali Mujuma Gondwe, wa banja la Chikulamayembe. Chifukwa chache nchosabvuta kuchiona. Gulu la othawa, lopanda mfumu, ndi gulu chabe. Koma pokhala mfumu ya mwazi wa Gonapamuhanya pakati pao, obisala m'mapiri akadayesa kuti dziko labwera, natsika kudzaphatikana nao.

Achitatu anali Atumbuka a kumwera, pansi pa Baza Dokowe, m'chaka cha 1880. Iwowa pakuona nkhondo ya Angoni irikudza anakwera phiri la Hora, limene liri m'dziko la Mzimba, mwala waukuru woima wokha pakati pa chigwa. Kukwera kwache nkobvuta, ndipo anayesa kuti apulumuka. Koma Angoni, ndi kazembe wao wamkuru Ng'onomo Makamo, sanabvutike ndi kukwera. Anangozinga phirilo nadikira, pakuti pamwamba panalibe madzi okwanira khamu lotere. Ludzu litakula anthu anatsika, naphedwa ochuruka patsinde pa phiri. Baza mwini anapulumuka, nathawira ku Kasungu.

Ndipo ku Nkhamanga nako zinthu sizinakhalitse. Angoni sanathe kulola kuti mfumu yina iuke kumpoto kwao, pakuti akapolo ao onse akadathawira kwa iyo. Anatumiza nkhondo, ndipo Mujuma anaphedwa pafupi ndi chaka cha 1880. Iye ndiye wotsiriza wa mafumu akale a dzina la Chikulamayembe. Atafa iye, chimene chinamanga oukawo pamodzi chinaduka. Analibe minda, analibe nkhokwe. Ndipo asilikari opanda nkhokwe adya za eni ache. Chomwecho anthu amene anauka kuti aombole dziko anayamba kukhala ndi moyo wa kufunkha, monga anaphunzira ku ubwana wao. Ndipo wokhala m'kamudzi ka m'phiri, pakuona zikopa zirikukwera m'mamawa, sanathe kudziwa ngati ndi Angoni kapena abale ache.

Kanyoli anatenga anthu ache napita nao kumpoto, ku dziko la Ankhonde, kumene Kyungu, mfumu ya kumeneko, anawapatsa malo kufupi ndi Karonga. Kumeneko nkhani yao inafika pa malo ache omvetsa chisoni koposa. M'chaka cha 1887 Mlozi, wamalonda wa minyanga ndi akapolo amene anamanga linga lache ku Mpata, anayambana ndi Ankhonde. Ndipo Ahenga anaima naye, namenyana ndi omwe anawalandira. M'chaka chomwecho Ankhonde ambiri obisala m'mabango a pa thamanda la Kambwe anatenthedwa ndi moto. Nkhondo ya ku Karonga inatha pokha pokha m'mwezi wa December 1895, pamene Harry Johnston anagumula linga la Mlozi nampachika. Taonani ulendo wa anthu awa: anauka kuthawa ukapolo, natsiriza ali kuthangata wogula akapolo. Sanayambe ndi mtima wotere ai. Nkhondo inawatengera kumene sanafuna kupita.

NKHONDO YOFANANA NAYO KU FRANCE

Kuti tizindikire bwino za kwathu, nkwabwino kuziyika pambali pa za kwina. Pakuti zimene zinachitika ku Nkhamanga sizinali za Atumbuka okha. M'masiku omwe aja amene Balowoka anali kukhazikika m'dziko lino, ku Ulaya kunali nkhondo ya mtundu womwewu, imene mbiri yache inalembedwa tsiku ndi tsiku. Kusiyana kwache nkwakuti ku France mfumu inagwetsedwa ndi anthu ache omwe, si ndi alendo. Koma mayendedwe a nkhondoyo afanana ndi athu modabwitsa.

Kuyambira 1789 anthu a ku France anasanduliza boma lao. Analamula ansembe kulumbira kuti adzamvera malamulo atsopano, napitikitsa okana. Ndipo pa 21 January 1793 anadula mutu mfumu yao, Louis XVI. Pamene boma latsopano linaitana amuna 300,000 kuti alowe usilikari, alimi a dera lotchedwa Vendée, kumadzulo kwa dzikolo, anakana, nauka m'mwezi wa March 1793. Anafuna ansembe ao, anafuna ana ao asatengedwe, ndipo anafuna mfumu. Poyamba anali ndi zikwakwa ndi mfuti za uzimba zokha. Akazembe ao ena anali anthu wamba: Cathelineau anali wamalonda woyenda m'midzi, ndi Stofflet anali mlonda wa nkhalango. Ena anali a mabanja omveka: Bonchamps, d'Elbée, Lescure, Charette, ndi mnyamata Henri de La Rochejaquelein.

Miyezi yoyamba anapambana. Analanda Thouars pa 5 May, ndi Saumur pa 9 June, pamodzi ndi mizinga yambiri. Ndipo anasankha Cathelineau akhale kazembe wamkuru. Koma pa 29 June analephera kulowa m'mudzi waukuru wa Nantes. Cathelineau analasidwa, namwalira pa 14 July. Pa 17 October anagonjetsedwa koopsa pa Cholet, ndipo Bonchamps ndi d'Elbée anabvulazidwa. M'mawa mwache, khamu lirikuthawa pa gombe la mtsinje wa Loire, linafuna kupha andende a boma ngati 5,000 amene linawagwira; koma Bonchamps, ali pafupi kufa, analamula kuti awaleke amoyo, ndipo anamvera. Mwa zonse za nkhondo imeneyo, ichi ndicho chimene a mbali zonse ziwiri achikumbukira ndi ulemu.

Pamenepo anthu oposa 60,000, amuna ndi akazi, ana ndi okalamba, anaoloka Loire, La Rochejaquelein ali kazembe wao, wa zaka 21 zokha. Anayenda kumpoto kufuna dooko kumene zombo za Angerezi zikawathangate. Koma pa Granville, m'mwezi wa November, malinga anawakanika, ndi zombo sizinaoneke. Pobwerera, m'nyengo ya chisanu, ndi njala ndi nthenda, anakanthidwa pa Le Mans, natsirizidwa pa Savenay pa 23 December. M'chaka cha 1794 kazembe wa boma, Turreau, anatumiza magulu a asilikari kupita m'dera lonselo ndi kutentha midzi, osasankha wouka kapena wokhala chete. La Rochejaquelein anaphedwa m'mwezi wa January chaka chomwecho. M'chaka cha 1795 mbale wa mfumu yophedwa ija, Artois, anafika ndi zombo pa chisumbu cha Yeu, pafupi ndi gombe. Charette anamdikira ndi anthu ache, koma iye sanatsikire kumtunda, nabwerera. Stofflet anaomberedwa ku Angers m'mwezi wa February 1796, ndi Charette ku Nantes pa 29 March. Ofufuza ena awerenga kuti anthu a deralo amene anafa anali ngati 170,000.

CHIFUKWA CHACHE NKHONDO ZOTERE ZILEPHERA

Tikayang'ana nkhondo ziwirizi pamodzi tiona zifukwa zitatu.

Choyamba, oukawo sauka pamodzi. Atonga anauka okha, Ahenga ndi Akamanga okha, ndi a Baza okha. Ndipo Angoni, amene akadabvutika kumenyana ndi onse tsiku limodzi, anakomana nao mmodzi mmodzi. Ku Vendée nako, tsiku la Cholet, Charette anali kwina ndi nkhondo yache, pakuti sanamvane ndi akazembe anzache. Chifukwa chache chiri m'chinthu chomwe achimenyera. Makhalidwe akale anali a midzi yodzilamulira yokha, mudzi uli wonse ndi mkuru wache. Ndipo ofuna kuwabweza abwera ndi kugawikana komweko ku nkhondo, pamene mdani wao ali ndi mau amodzi ndi lamulo limodzi. Akuru anati, Mutu umodzi susenza denga. Ndipo mitu itatu yosenza pa nthawi zosiyana silisenzanso.

Chachiwiri, kulimba mtima kupambana tsiku limodzi, koma nkhondo ya zaka ifuna nkhokwe. Pa Hora panasoweka madzi. Kwa Kanyoli ndi anzache kunasoweka minda. Ku Vendée alimi, atapambana, anali kubwerera kwao kukaona zokolola, ndipo kazembe amene anali ndi khamu lalikuru dzulo anatsala ndi owerengeka lero. Analibenso dooko lolandirirapo onga. Atonga okha ndiwo anakhala chiimire, popeza anali ndi linga, ndi nyanja yowapatsa nsomba, ndi minda ya chinangwa pafupi. Ndipo zindikirani kuti iwowa sanayese kubweza mfumu, koma anangotchinjiriza malo amene anakhoza kuwasunga.

Chachitatu, ndipo ndicho chachikuru, zakale sizibwera monga zinapita, pakuti anthu omwe asandulika. Amuna amene anafuna kuimiritsa Mujuma sanali osula makasu ndi osaka njobvu a masiku a Gonapamuhanya. Anali asilikari oumbidwa ndi Angoni. Akadapambana, ufumu umene akadauimika ukadakhala wa chikopa ndi nthungo, si wa nsaru ndi mikanda ai. Ndiponso nkhondo yonse yotere ilenjekeka pa moyo wa munthu mmodzi. Mfumu ikafa, monga Mujuma, kapena ikaopa kutsika m'chombo, monga Artois, otsalawo sadziwanso chimene alikufera.

Ndipo amene alipira mtengo wache ndani? Maina amene tawatchula ndi a akazembe. Koma patsinde pa Hora, ndi m'mabango a Kambwe, ndi pa njira ya ku Savenay, ochuruka a akufawo anali akazi ndi ana ndi okalamba, amene sanafunsidwe kanthu tsiku limene amuna anapangana za nkhondo.

UMO UFUMU UNABWERERA

Koma mpando wa Chikulamayembe ulipo lero. Unabwera bwanji? Unadzera njira yina, imene Kanyoli ndi anzache sakadaiganizira.

M'mbelwa anamwalira m'chaka cha 1891, chaka chomwe dziko lino linalowa pansi pa Angerezi. M'chaka cha 1894 Robert Laws anayamba kumanga Livingstonia pa Khondowe, pamwamba pa nyanja, m'dziko lino la Rumphi. Ndipo ana a Ahenga ndi Akamanga, amene makolo ao analibe ng'ombe kapena dziko loti awasiyire, anathamangira sukulu koposa ena. M'chaka cha 1904 mafumu a Angoni anakomana ndi Alfred Sharpe pa Ekwendeni, nabvomera kulowa pansi pa Boma popanda nkhondo. Kufunkha kutatha, obisala anatsika m'mapiri, ndi ena a ku Karonga anabwerera ku Henga ndi ku Nkhamanga. Pamenepo anthu ophunzira, pamodzi ndi akuru okumbukira mibadwo ya mafumu, anapempha Boma. Ndipo m'chaka cha 1907 Chilongozi Gondwe analongedwa kukhala Chikulamayembe. Sanaponyedwe mkondo ngakhale umodzi.

M'chaka cha 1909 Saulos Nyirenda, wophunzira wa ku Livingstonia, analemba mbiri ya anthu a mtundu wache m'Chitumbuka, T. Cullen Young anasonkhanitsa zosimba za akuru nazisindikiza. Ndi mbusa Edward Bote Manda, amene anali Mtonga, anagwira nchito zaka zambiri kulimbitsa ufumuwo. Chilongozi atamwalira m'chaka cha 1931, mwana wache John Gondwe analowa m'malo mwache. Kunena zoona, ufumu wobwerawo sunali uja wakale. Unali pansi pa Boma la alendo, ndi nchito yache inali ya milandu, ya msonkho ndi ya mabuku. Ndipo olemba mbiri yache, chifukwa cha chikondi, anaukuza koposa umo unaliri. Koma unabwera, ndipo wakhala zaka zoposa 100, kuposa nthawi imene Angoni analamulira dziko lino.

Ku France kunachitikanso chimodzimodzi. Ansembe amene alimi a ku Vendée anawafera anabwezedwa ndi pangano limene Napoleon anapangana ndi Papa m'chaka cha 1801. Ndipo mfumu inabwera m'chaka cha 1814, si ndi mphamvu ya Vendée ai, koma pamene mitundu yina inagonjetsa Napoleon. Inabwera yomangidwa ndi malamulo olembedwa, ndipo banja lache linachotsedwanso m'chaka cha 1830.

MAU KWA APHUNZITSI

Tsono inu amene muima pamaso pa ana, musawabisire nkhani iyi, koma muisimbe yonse. M'sukulu mwanu mukhala mwana wa Gondwe ndi mwana wa Jere pa mpando umodzi, ndipo ambiri a iwo ali ndi mwazi wa mbali zonse ziwiri. Pakuti agogo amene anazinga phiri la Hora ndi agogo amene anali pamwamba pache anakwatirana ana pambuyo pache. Mukasimba kuti mbali yina inali ya olungama okha okha ndi yina ya oipa okha okha, mwanama, ndipo mwabzala mbeu ya udani m'munda umene unatha kulimidwa. Nenani kuti Angoni anapasula midzi nagwira anthu, pakuti nzoona. Nenani kuti Kanyoli, Kambondoma ndi Mwendera anali olimba mtima, ndi kuti chimene anachifuna, ndicho kukhala kwao pansi pa mfumu yao, sichinali choipa. Koma nenaninso za Kambwe, ndi za kamudzi ka m'phiri kamene sikanathe kusiyanitsa zikopa.

Ndipo muwafunse anawo funso ili, aliyankhe okha: Mwa amene anagwira nthungo m'chaka cha 1879, ndi amene anasunga maina a mafumu m'mitima yao zaka zonse zija za kubalalika kufikira anawalemba pa pepala, ndani anabweza ufumu ku Nkhamanga? Pomwepo muwatume kwa agogo ao, akafunse kumene pfuko lao linali m'masiku amenewo, kapena m'midzi ya Angoni, kapena m'matanthwe a Nyika, kapena ku Karonga. Ndipo chimene akamve achilembe, asaonjezepo kanthu, asachotsepo kanthu.